Dilamu, chimbale cha pulawo kapena Weber: chowotchera nyama chakale chiti chiyenera thukuta lanu?

Kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Chipata kuli zowotchera nyama zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe chimene ndinagula chatsopano. Mayi a kunyumba amati pakhomo pasanduka pogulitsira sikirapu, ine osayankha chifukwa akunena zoona. Matendawa anayamba ndi chimbale cha pulawo ya thirakitala chimene ndinachipeza kwa amalume ku Katete, nkhuku zikumwerapo madzi. Nditachipempha anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Mphwanga, ulendo wonsewu wadzera chomwera nkhuku?" Lero akabwera kudzationa, ndi iwo amene amayamba kufunsa ngati chimbale chawo chili pamoto.

Anzanga akaona muluwu amafunsa zinthu ziwiri: chakale choyenera kutola n'chiti, nanga dzimbiri lake tilichotse bwanji? Mafunso awiriwa ali ndi muzu umodzi. Musanayang'ane dzina kapena mtengo, dziwani kaye kuti ndi chitsulo cha mtundu wanji, ndipo mnofu wake watsala wokhuthala bwanji. Njira imene imadzutsa chimbale cha pulawo ndi yomweyo imene imapha Weber, chowotchera chozungulira cha chivundikiro chochokera kunja, pa mphindi zisanu.

Choncho popita kukaona, kaya ndi kwa ogula zitsulo zakutha, kaya kwa owotcherera a cha ku Kapata, kaya pa famu yakale njira ya ku Lundazi, tengani sikuludilaiva ndi kamaginito kochotsa mu sipika yakufa. Gogodani pansi, pamene pamagona phulusa. Chitsulo chamoyo chimalira ngati limu ija inkatiitana kusukulu, chodyeka chimangoti phu. Bayani pamene dzimbiri lafufuma. Sikuludilaiva ikatulukira kuseri, mukugula bowo. Maginito akakana kumata, ndiye kuti mwagwira aluminiyamu kapena stainless steel, ndipo zimenezo zili ndi malamulo ake.

Dilamu lodula pakati

Ili aliyense amalidziwa. Michopo yambiri ya m'mabala ndi nkhuku za pa ukwati zimapsa pa dilamu la malita 210 limene analidula m'litali n'kuliikira miyendo. Ubwino wake ndi malo: mbuzi yathunthu yoduladula imakwana, ndipo mbali imodzi mungaunjike malasha, mbali ina n'kusiya yozizirirapo kuti nyama yakupsa idikire alendo.

Koma ngati nkhani ndi yotola zakale, dilamu ndi limene limagwiritsa mwala kwambiri. Chitsulo chake n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi basi. Likawona moto ndi mvula zaka zochepa, pansi pamasanduka sefa. Kuwotcherera zigamba pamenepo kuli ngati kusoka chitenje chofwifwa: mwasoka apa, chang'ambika apo. Chimene ndimayang'ana pa dilamu lakale ndi miyendo yake. Amisiri akale ankagwiritsa angle iron yokhuthala ndi mahinjesi olimba, ndipo zimenezo zimatha kukwirira madilamu atatu. Gulani chifukwa cha miyendo, dilamulo muchotse muikepo lina.

Pa dilamu latsopanolo funsani chimene linasungapo. Kuno ndi dera la thonje ndi fodya, ndipo migolo ina inabwera ndi mankhwala a m'munda. Imeneyo isayandikire chakudya ngakhale mutaitsuka kakhumi. Limene munali petulo, dizilo kapena thinner lili ndi vuto lina: nthunzi imatsalira mkati ngakhale likuoneka louma, ndipo nthethe ya grinder ikakumana nayo dilamu limaphulika ndi kupha munthu. Mmisiri wodziwa ntchito amalitsegula, kulitsuka, n'kulidula lili lodzaza madzi. Labwino kwambiri ndi limene munali mafuta ophikira kapena chakudya china.

Chimbale cha pulawo

Apa ndiye pali mtima wanga, ndisakubisireni. Chimbale cha disc plough kapena harrow chinapangidwa kuti chizing'amba nthaka ndi kukumana ndi miyala, choncho n'chachitsulo cholimba, chokhuthala mamilimita anayi kapena kuposerapo. Dzimbiri la zaka makumi awiri limangonyambita khungu lake. Chikatentha chimasunga moto nthawi yaitali, ndipo chifukwa n'chozama pakati, mafuta amatsikira pamenepo: pakati mukukazinga chiwindi ndi anyezi, m'mbali soseji ikudikira, chimanga chikutenthedwa. Amene anadyapo pa chiwaya kutsidya kwa Mwami, ku Mchinji, akudziwa kale mmene zimayendera.

Alimi a ku South Africa ankachitanso chimodzimodzi ndi zimbale zawo zakutha, ndipo ndi kumene kunachokera skottel, mawu a Chiafrikaans otanthauza mbale. Kampani ya Cadac, imene inayamba ku Johannesburg mu 1948, inatenga nzeru ya kumundayo n'kupanga skottel ya gasi imene mumaiona kwa anthu opita kukaona nyama ku Mfuwe. Skottel yakale ya Cadac mukaipeza itoleni, koma dziwani kuti chimbale chake n'chopyapyala poyerekeza ndi cha pulawo, ndipo ntchito yeniyeni ili ku gasi: labala yotsekera mpweya isinthidwe, ndipo polumikizira paliponse pakani madzi a sopo muone ngati pakutuluka thovu. Botolo la gasi lodyeka ndi dzimbiri musaliyese kukonza nokha, ndiponso musalidule kuti likhale mbaula.

Vuto la chimbale cha pulawo ndi bowo la pakati, pamene pankalowa ekiselo kapena mabawuti. Liyenera kutsekedwa, ndipo chitsulo cholimba chotere chimang'aluka chikawotchereredwa chili chozizira. Mmisiri woyamba amene ndinamupatsa changa anawotcherera bwinobwino, kenako n'kuthirapo madzi kuti ndisachedwe. Tinamva kuti the, mng'alu wayenda ngati chala. Wachiwiri, bambo wachikulire, anandiuza kuti, "Bwana, chitsulo ichi sichifuna changu." Anayamba wachitenthetsa pa malasha, n'kuwotcherera pang'onopang'ono, n'kuchikwirira mu mchenga wouma mpaka m'mawa. Sichinadonthepo mafuta mpaka lero. Kuipa kwina n'kwakuti chimbale chimakazinga, sichiwotcha. Amene amafuna nyama yonunkhira utsi, yokhala ndi mizere ya waya, sadzakhutira nacho pachokha.

Weber ndi anzake ochokera kunja

Weber ndi chija chozungulira ngati chipanda, cha miyendo itatu ndi chivundikiro. Anachiyambitsa George Stephen mu 1952. Iye ankagwira ntchito ku Weber Brothers Metal Works ku Chicago, kumene ankapanga zitsulo zozungulira zoyandama pamadzi zolozera njira oyendetsa maboti, ndipo anadula chimodzi pakati, theka n'kukhala mphika, theka chivundikiro. Kuno zakale zimapezeka kwa anthu ochokera kunja akamagulitsa katundu pobwerera kwawo, m'malo ogona alendo, ndi kwa amene anabwera nazo kuchokera ku South Africa. Zofala ndi za masentimita 47 ndi 57. Ngati mumakonda kudziwa zaka za chinthu, yang'anani pa kachitseko ka mpweya ka pa chivundikiro: kuyambira 1979 kampaniyi inayamba kudindapo zilembo zosonyeza chaka.

Chimene Weber imachita, zina zonse zija sizichita. Mukatseka chivundikiro n'kuika malasha m'mbali, imasanduka uvuni. Nkhuku ya kumudzi yolimba ija imapsa mpaka ku fupa osapserera, ndipo mukatha mumatseka mabowo onse, moto n'kuzima, malasha otsala n'kudikira tsiku lina. Ndi mmene thumba la malasha ladulira masiku ano, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Cholakwa chimene ambiri amachita n'kuganiza kuti kunyezimira kwake ndi penti. Ndi enamel, galasi losungunulira pa chitsulo pa moto woopsa, monga mbale ndi makapu a Kango a ku Bulawayo amene tinakulira. Pansi pa galasilo chitsulo n'chopyapyala. Mukadutsitsapo grinder kapena sandipepala wokhakhala, mwachotsa chovala chokhacho chimene chinali nacho, ndipo kuno palibe amene angachibwezeretse. Mlamu wanga anachita zimenezi ndi mtima wabwino, akuti andithandize, ndipo Weber yofiira ija pano mayi a kunyumba anadzalamo anyezi. Zofundukafunduka zakuda za mkati mwa chivundikiro nazonso si penti. Ndi mafuta ndi utsi zimene zinauma, ndipo zimachoka ndi lezala yogoneka, sopo, ndi steel wool yofewa kwambiri. Pamene enamel inabenthuka, palani dzimbiri pamalo pomwepo basi n'kupaka mafuta ophikira.

Gulani Weber ngati mphika ndi chivundikiro zili zosabooka ndipo zikutsekana bwino. Waya wa nyama ndi wa malasha mmisiri aliyense angakupangireni, zogwirira kalipentala angaseme pa mukwa, matayala mungabwereke ku njinga ya mwana. Koma timazitseko ta mpweya ndi miyendo ndi za aluminiyamu, ndipo zikasowa mudzayenera kuitanitsa ku Lusaka kapena kupitirira. Zina zozungulira zotengera maonekedwe a Weber, zopakidwa penti wamba, musataye nazo nthawi zikakalamba.

Mbaula ndi limu ndingozidutsa mwachangu. Mbaula wamba ya malata imatsika mtengo kotero kuti kuikonza n'kudzizunza. Yoyenera kusunga ndi ya limu ya galimoto kapena ya brake drum, chitsulo cha mabuleki cha kuseri kwa tayala la lole, imene adzukulu anu adzaipeza ilipo. Brake drum ndi cast iron, chitsulo chothira mu chikombole ngati cha mphika wa miyendo itatu: imalemera, imasunga moto, koma ikagwa pa simenti kapena kuthiridwa madzi ili yotentha imasweka.

Kuchotsa dzimbiri: njira zisanu

Musanayambe njira iliyonse chotsani mafuta akale, chifukwa asidi ndi magetsi omwe zimavutika kudutsa pa phula la nyama. Apa amayi athu anatitsogolera kale. Phulusa ndi madzi otentha, chidulo chomwe chija cha therere, zimasungunula mafuta, ndipo mchenga pang'ono umathandiza kukwecha. Pa enamel mchenga ayi, ndipo pa aluminiyamu chidulo champhamvu kapena caustic soda ayi, chifukwa zimaidya.

Moto ndi burashi ya waya. Iyi ndi ya dilamu, limu ndi miyendo. Kolezani moto waukulu wa nkhuni mkati, penti yakale ipse, dzimbiri lifufume, kenako likazizira lokha kwechani. Siifuna ndalama, imafuna mapewa. Chitani panja, inu muli kumene mphepo ikuchokera, chifukwa penti zakale zina zinali ndi mtovu. Pa cast iron ndimaipewa: moto wosafanana umaing'alula.

Grinder yokhala ndi burashi ya waya kapena flap disc, chimbale cha timasandipepala tosanjikiza. Ntchito ya tsiku lonse imatha pa ola limodzi. Pa chimbale cha pulawo palibe inzake, chifukwa mnofu ulipo wokwanira ndipo pamene mukusalaza m'pamene chakudya sichidzamatirira. Pa dilamu lopyapyala imabowola musanazindikire. Valani magalasi ndi chotseka pakamwa. Timawaya ta burashi timathothoka n'kuuluka ngati mivi, ndipo ndinakazulapo kamodzi pa tsaya.

Viniga. Sakanizani theka viniga theka madzi, viikani, ndipo muziyendera ola lililonse n'kumakwecha. Ndi wabwino pa tinthu ting'onoting'ono: mabawuti, mahinjesi, waya wa nyama wa Weber. Koma viniga sasiyanitsa dzimbiri ndi chitsulo chamoyo. Mukaiwala cast iron mmenemo usiku wonse mudzaipeza ili ndi timaenje ngati nkhope ya nthomba. Ndipo pa chinthu chachikulu, mabotolo amene mungagule angapose mtengo wa chinthucho. Mukavuula, tsukani ndi madzi a soda, umitsani pamoto nthawi yomweyo, chifukwa chitsulo chongosenda kumene chimachita dzimbiri mukuyang'ana.

Molasesi, yemwe uja alimi amasakaniza mu chakudya cha ng'ombe. Muyeso umodzi wa molasesi pa miyeso isanu ndi inayi ya madzi, mu dilamu la pulasitiki, n'kumiza chitsulocho chonse. Amagwira pang'onopang'ono, masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo amafulumirako kukatentha, choncho October ndi mwezi wake. Amalowa m'ngodya zimene burashi siifika, safuna magetsi, safuna woyang'anira. Mtengo wake ndi fungo. Likayamba kuwira, aneba adzaganiza kuti mwayamba kutcheza kachasu, ndiye liikeni kutali ndi zenera ndipo livundikireni ana ndi ziweto zisagweremo.

Magetsi ndi washing soda, soda wochapira. Iyi ndiyo ndimaikonda pa cast iron ndi chilichonse chakale chimene sindifuna kuchikanda, chifukwa imachotsa dzimbiri n'kusiya chitsulo chamoyo, ngakhale zilembo zodinda zimatuluka bwinobwino. Tengani beseni kapena dilamu la pulasitiki, thirani madzi, ikani supuni yaikulu imodzi ya washing soda pa malita anayi aliwonse. Ngati washing soda wasowa, soda wophikira wokazinga mu poto wouma amasanduka yemweyo. Imikani zitsulo zotayika m'mbali, monga zidutswa za nsimbi za konkire, ndipo chimene mukutsukacho chilendewere pakati osakhudzana nazo. Chingwe chakuda cha chaja ya batire chipite ku chinthu chanu, chofiira ku zitsulo zotayikazo. Mukasemphanitsa, chanucho ndi chimene chidzadyeke. Pakapita mphindi zochepa muona tithovu, ndipo pakatha usiku umodzi kapena masiku awiri dzimbiri limasanduka matope akuda ochoka ndi burashi.

Pali zinthu zitatu zoti musaphonye. Tithovuto ndi mpweya wa hydrogen, umene umayaka, choncho chitirani panja kutali ndi mbaula ndi fodya. Zitsulo zotayika zisakhale za stainless steel, chifukwa zimatulutsa chromium wapoizoni m'madzimo. Ndipo mchere usalowe m'malo mwa soda, chifukwa umatulutsa chlorine. Machaja amakono odziganizira okha nthawi zambiri amakana kuyamba akaona kuti palibe batire. Yakale yachikalekale ndiyo imamvera. Mu 2024, chilala chitaphwetsa Kariba ndipo magetsi akubwera mwa apo ndi apo, ndinalumikiza sola yaing'ono ya 12V mwachindunji. Inkagwira masana okha, ntchito n'kutenga masiku anayi, koma brake drum inatuluka yoyera. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti imatsuka kwambiri mbali imene yayang'anana ndi zitsulo zotayika, ndiye muzitembenuza. Aluminiyamu isalowemo.

Mankhwala a m'sitolo osandutsa dzimbiri, ambiri mwa iwo okhala ndi phosphoric acid, amathandiza pa miyendo ndi kunja musanapake penti. Pamene pamagona nyama sindiwaika.

Waya wa nyama, penti ndi mafuta

Pa waya ndi pamene anthu amasunga ndalama molakwika. Shelefu ya firiji yakufa imaoneka ngati inabadwira ntchitoyi, koma inakutidwa ndi pulasitiki kapena zitsulo zina zimene sizinapangidwire moto. Waya wa mpanda ndi malata oyera zili ndi zinc, ndipo utsi wa zinc ukapumidwa umadwalitsa ngati malungo. Muuzeni mmisiri akupangireni waya wa round bar yakuda wamba ya mamilimita asanu ndi imodzi kapena asanu ndi atatu, kapena expanded metal, chitsulo cha mabowo ngati sefa, yosakutidwa. Stainless steel ndiyo yabwino koposa kwa amene thumba likulola.

Penti ipite kunja kokha, ndipo ikhale yopirira moto, imene pachitini analemba madigiri 600 kapena kuyandikira pamenepo. Penti ya zitseko imatupa tsiku loyamba. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, ndipo moto woyamba ukhale wopanda nyama, kuti penti ikhwime ndi fungo lituluke.

Mkati, pa waya ndi pa chimbale, chovala chake ndi mafuta. Tenthetsani chitsulo, pakani mafuta a mpendadzuwa kapena a soya ndi kansalu, kenako pukutani ngati kuti munapaka mwangozi. Chibwezereni pamoto mpaka utsi usiye. Bwerezani kanayi kapena kasanu, chidzade bii n'kumanyezimira. Mukathira mafuta ambiri nthawi imodzi mupeza phula lomata limene lidzafunanso kupala. Pansi pa dilamu thirani mchenga wokhuthala zala zitatu, kapena ikani waya wachiwiri, kuti malasha asagone pa chitsulo.

Ndipo phulusa lizichotsedwa likangozizira. Zambiri mwa zimene ndinatola zitabooka sizinaphedwe ndi moto. Zinaphedwa ndi phulusa losiyidwa mkati kuyambira November mpaka April, likumwa mvula ndi kusunga chinyezi pa chitsulo.

Wina akandiuza kuti ali ndi malo a chimodzi chokha, ndimafunsa kuti amadyetsa anthu angati. Wa maphwando ndi wa bizinesi ya michopo atenge miyendo yakale ndi dilamu latsopano lodziwika mbiri yake. Wa banja laling'ono, amene ali ndi dzanja lofatsa ndipo wapeza Weber yosabooka, asaisiye. Ena onse ndimawatumiza kumudzi kukayang'ana pamene nkhuku zikumwera, chifukwa chimbale cha pulawo chikakhala pa limu ya lole, ndi waya wa round bar woikapo mukafuna utsi, mwapeza zonse ziwiri pa mtengo wa tsiku limodzi la mmisiri. Weber yanga yachiwiri, yakuda, yakhala miyezi isanu ikudikira kachitseko ka mpweya kamene mlamu uja analonjeza kubwera nako pa lole, ndipo pakadali pano bowolo ndimatseka ndi chivundikiro cha chitini cha nsomba.